Mbiri ya Zitsulo Zopha Tizirombo, ndi Mphika wa ku Pretoria

Mzinda wa Pretoria, m'dziko la South Africa, unamangidwa cifukwa ca madzi. Kumwera kwa mzindawo kuli cigwa cochedwa Fountains, m'mene muli akasupe akuru osaphwa ngakhale dzuwa litakula cotani. Ndipo pamene Marthinus Pretorius anakhazika mudzi pamenepo m'caka ca 1855, naucha dzina la atate wace, anatsata akasupe omwewo. Madzi ao atuluka m'thanthwe ali oyera mbee, nayenda ca kumpoto pakati pa mzinda, m'mtsinje wa Apies, ndiko kunena tiapusi pa cinenero ca Mabunu. Koma mtsinje wolowa m'mzinda uli woyera sutulukamo comweco. Pofika ku Hammanskraal, mtunda wa mailosi 30 kumpoto, madzi a Apies asenza zonyansa za anthu osawerengeka, ndipo kumeneko ndiko kukhala anthu osauka amene kwa zaka zambiri analibe mtsinje wina wakumwa.

Nkhani ya lero ndiyo mbiri ya cida cimodzi ca m'nkhondo yolimbana ndi matenda a m'madzi ndi a m'manja, cida cimene anthu anacigwiritsa nchito zaka zikwi asanadziwe kuti mphamvu yace icokera kuti. Cidaco ndico mkuwa ndi siliva, zopakidwa pamwamba pa cinthu cina monga umo mai azirira nyumba yace ndi dothi. Omvera a ku Kitwe, ku Luanshya ndi ku Mufulira adziwa mkuwa ngati cuma cotuluka m'mgodi. A ku Malawi ndi a ku Zimbabwe audziwa m'waya wa magetsi ndi m'zigwinjiri za agogo ao. Koma ali owerengeka amene anamva kuti mkuwa womwewo ndi mdani wa kolera, ndi kuti cimene ciupatsa ukali ndico magetsi obisika m'kati mwace. Pofuna kumvetsa cimene ophunzira a ku Pretoria anaika m'mphika wa dothi, kuyenera kuyamba kutali.

Herodotus, mlembi wa mbiri wa Cigriki amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 400 asanabadwe Kristu, analemba kuti mfumu ya Aperisiya popita ku nkhondo sinali kumwa madzi a m'njira, koma inali kutengeratu madzi owiritsa a mtsinje wa Choaspes m'zotengera za siliva, zosenzetsa pa magareta okokedwa ndi nyuru. Ku India mabanja ambiri asunga madzi akumwa m'mitsuko ya mkuwa kuyambira kale lomwe kufikira lero. Anthu amenewo sanadziwe kanthu za tizirombo tosaoneka ndi maso. Anangoona kuti madzi a m'cotengera cotere sabvunda msanga, nasunga mwambowo.

Mzungu woyamba kuwerenga nkhaniyi ndi manambala anali dotolo wa ku Paris, dzina lace Victor Burq. Kuyambira m'caka ca 1852 iye anayendayenda m'nyumba zosuliramo mkuwa, nafunsa za akufa pa miliri ya kolera imene inasesa mzindawo, napeza kuti amisiri a mkuwa anafa ocepa ndithu poyerekeza ndi anansi ao a nchito zina. Madotolo anzace ambiri sanamsamale, ndipo sikuyenera kuwatsutsa kopambana, pakuti Burq anasanganiza coonadi cimeneci ndi ziphunzitso zina zopanda pace, monga kuciza nthenda za mutu pomanga zitsulo pa khungu la wodwala. Ndiponso masiku amenewo anthu anali kuganiza kuti kolera adza ndi mpweya woipa. Kacirombo kace kanatsimikizika pambuyo, pamene Robert Koch anakalondola ku Egypt ndi ku Calcutta m'zaka za 1883 ndi 1884.

Umboni woyera unacokera kwa munthu wophunzira za zomera, Carl von Nägeli, mbadwa ya ku Switzerland amene anaphunzitsa ku Munich. Iye anali kuweta ndere za m'madzi m'mabotolo kuti aone makulidwe ace, koma ndere zina zinali kungofa popanda cifukwa cooneka. Atalondola bwino anapeza kuti zinafa m'madzi amene anakhudza mkuwa, ngakhale mkuwa wolowa m'madziwo unali wocepa koposa, wosakhoza kuyeseka ndi miyeso ya masiku aja. Nägeli anamwalira m'caka ca 1891, ndipo zolemba zace pa nkhaniyi zinasindikizidwa mu 1893. Kuyambira pamenepo kunadziwika kuti citsulo sicipha cifukwa ca kuwala kwace kapena kuzizira kwace, koma cifukwa ca kanthu kena kotuluka mwa ico.

Kanthu kameneko nkotani? Yankho lace linali litaoneka kale, zaka 70 m'mbuyomo, pansi pa zombo za nkhondo za Angerezi, koma panalibe wolizindikira.

Kuyambira m'caka ca 1761 Angerezi anayamba kukuta pansi pa zombo zao ndi malata a mkuwa, pakuti nyongolotsi za m'nyanja zinali kuboola matabwa, ndipo ndere ndi nkhono zinali kumera pamenepo ndi kulemeretsa combo kuti cisathamange. Pa mkuwa sizinamere. Koma madzi a mcere anali kudya mkuwawo pang'onopang'ono, ndipo boma linaona ndalama zambiri ziri kusungunuka m'nyanja caka ndi caka. Tsono akuru a zombo anapempha Humphry Davy, katswiri womveka wa ku London, kuti apeze mankhwala. Davy anadziwa cimene Alessandro Volta wa ku Italy anaonetsa mu 1800, cakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi a mcere zibala magetsi, ndipo cimodzi cidyeka m'malo mwa cinzace. Cotero mu 1824 anakhomera tizidutswa ta zinki ndi ta citsulo camba pa malata a mkuwa aja. Nzeru yace inagwira nchito bwino lomwe: zinki inadyeka, mkuwa unatsala wosalala ngati watsopano. Ndiyo nzeru yomweyo imene iteteza malata a pa tsindwi la nyumba, amene ali citsulo cokutidwa ndi zinki.

Koma zombo zija zitabwera ku maulendo ao, amalinyero anadandaula kuti zalemera, ndipo poyang'ana pansi pace anapeza ndere ndi nkhono zitamera thoo pa mkuwa wosadyeka uja. M'caka ca 1825 lamulo linatuluka lakuti tizidutswa ta Davy ticotsedwe, ndipo mwini wace anamva manyazi akuru. Koma kulephera kumeneko kuli ndi phunziro loposa kupambana kwa anthu ambiri. Mkuwa unali kupha zomera za m'nyanja cifukwa unali kudyeka. Davy atautsekera ndi magetsi kuti usatuluke, anauzula mano.

Wothandiza wace wa Davy pa nchitoyo, Michael Faraday, ndiye anapatsa dzina tizigawo totuluka m'citsulo. Mu 1834 anaticha maayoni, mau ocokera ku Cigriki otanthauza cinthu coyenda, popeza tiyenda m'madzi kulondola magetsi. Lero mayendedwe ace adziwika bwino. Citsulo cikakhudza cinyontho, ngakhale thukuta la cala, timagawo tace tating'onong'ono ticoka titanyamula mphamvu ya magetsi. Magetsi ali a mitundu iwiri imene ikokana monga mbali ziwiri za maginito; maayoni a mkuwa ndi a siliva anyamula mtundu umodzi, ndipo khungu la kacirombo linyamula mtundu winawo, kotero kuti kacirombo kadzikokera kokha imfa yace. Maayoni aboola khungulo, nalowa, namanga ziwalo zimene kacirombo kapumira ndi kudyera. Ndipo a mkuwa aononganso ulusi wa cibadwa, umene ophunzira aucha DNA, kuti kasasiye mbeu. Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumbukira: siliva agwira nchito bwino m'madzi, koma pouma afooka, pamene mkuwa uluma ngakhale pa citseko couma.

Magetsi omwewo anapatsanso anthu njira yopaka citsulo cimodzi pamwamba pa cinzace. Mu 1840 George ndi Henry Elkington a ku Birmingham analandira kalata ya boma ya luso lokuta masupuni ndi mbale ndi siliva, pozimiza m'madzi a mankhwala ndi kupitiriza magetsi m'menemo. Amene anagwirako nchito m'nyumba yoyengera mkuwa ku Nkana, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930, sasowa kuwafotokozera zimenezi, pakuti anaziona ndi maso ao: zipolopolo za mkuwa wosayengeka zipacikidwa m'mathanki a madzi obiriwira, timalata topyapyala tipacikidwa moyang'anana nazo, ndipo magetsi asamutsa mkuwa woyera kucokera uku kumka uko, zonyansa zitsalira pansi. Cotero citsulo ca mtengo wapatali cikhoza kuyalidwa copyapyala koposa pepala pa cinthu ca mtengo wocepa.

Tsono ngati magetsi akhoza kutsekera maayoni, monga anacitira Davy, akhozanso kuwatsegulira ndi muyeso. Ici ndico cimene anacita Georg Krause wa ku Munich. Mu 1928 anayamba kupanga zosefera madzi zopakidwa siliva, zochedwa Katadyn, ndipo patapita zaka zowerengeka panabwera makina a mbale ziwiri za siliva zomizidwa m'madzi, zolumikizidwa ku magetsi ofooka. Mwini makina akafuna siliva wambiri aonjeza magetsi, akafuna wocepa acepetsa. Njira imeneyi sinafe: kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zipatala zambiri za ku America ndi ku Ulaya zinaika mbale za mkuwa ndi siliva m'mipope ya madzi otentha, kuti ziphe kacirombo kodzetsa cibayo ca mtundu wa Legionella, ndipo Arusiya anasunga madzi akumwa ndi maayoni a siliva m'combo cao ca mumlengalenga ca Mir.

Ngakhale ziri tero, pakati pa zaka za 1940 ndi 1980 madotolo ambiri anaiwala zitsulo. Penisilini ndi mankhwala anzace anali atafika, ndipo anthu anayesa kuti nkhondo yatha. M'zipatala zatsopano zigwiriro za zitseko za mkuwa wosanganiza, zimene zida msanga ndi kufuna kupukuta tsiku ndi tsiku, zinacotsedwa, nalowa m'malo mwace zitsulo zoyera zosacita dzimbiri. Zinali zokongola m'maso. Koma mu 1983 mai wina wophunzira za tizirombo ku America, Phyllis Kuhn, anapaka thonje pa zigwiriro za mitundu yonse iwiri m'cipatala, napeza kuti zakuda zija za mkuwa zinali ndi tizirombo tocepa, koma zonyezimira zija zinali nato tambirimbiri. Citsulo cosacita dzimbiri ciri ngati mkuwa wa Davy: sicidyeka, cifukwa cace siciluma.

Pamene tizirombo tina tinayamba kupirira mankhwala a jekeseni, ophunzira anabwerera ku mkuwa. Mu 2008 boma la America linabvomereza kuti zinthu za mkuwa zigulitsidwe ndi mau akuti zipha tizirombo 999 mwa 1,000 ta mitundu ina m'maora awiri. Ku South Africa, gulu la Shaheen Mehtar wa sukulu yaikuru ya Stellenbosch linayesa nkhaniyi pa cipatala cacing'ono ca ku Grabouw: cipinda cimodzi coonera odwala anacikuta matebulo ndi mawindo ace ndi malata a mkuwa, cinzace anacisiya monga cinaliri, ndipo zotsatira zimene anasindikiza mu 2010 zinaonetsa kuti tizirombo ta pa mkuwa tinacepa ndi magawo 71 pa 100. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, kunapezeka kuti kacirombo ka nthendayo sikakhala ndi moyo kupitirira maora 4 pa mkuwa, pamene pa pulasitiki ndi pa citsulo coyera kafikira masiku atatu.

Luso lina latsopano libwerera kwa Volta. Ku Berlin anapanga cokutira cochedwa AGXX, ca siliva ndi citsulo cina cosowa, dzina lace ruthenium, zoyalidwa pamodzi m'timadontho tosaoneka ndi maso. Cinyontho cikagwerapo, kadontho kali konse ndi mnzace asanduka kabatire, ndipo magetsi ao asandutsa mpweya ndi madzi kukhala mankhwala oocha tizirombo. Anaciyesa pa citseko ca cimbudzi ca m'combo ca mumlengalenga ca International Space Station, ndipo mu 2019 analengeza kuti itatha miyezi 6 sanapezepo kacirombo, ndi kuti citapitirira caka tinapezeka tocepa ndithu poyerekeza ndi citsulo cosakuta.

Pano pafunika kucenjera. Kucepetsa tizirombo pa citseko ndi cinthu cimodzi, kucepetsa odwala m'cipatala ndi cinthu cina, ndipo mayesero a m'zipatala sanagwirizane onse pa funso laciwirili. Mkuwa ukakutidwa ndi litsiro kapena ndi vanishi uleka kugwira nchito. Ndiponso uli ndi mdani wina amene ophunzira a ku Ulaya samuwerengera kawirikawiri, koma kum'mwera kwa Afrika adziwika kwa munthu ali yense, ndiye wakuba: kumene mbala zifukula waya wa magetsi pansi pa mseu, cigwiriro ca mkuwa pa citseko ca cipatala ca kumudzi cifuna mlonda wacewace.

Ku Pretoria funso lalikuru silinali la zitseko, koma la madzi, pakuti dziko la South Africa liri louma. M'caka ca 1945 boma linakhazikitsa bungwe la ofufuza lochedwa CSIR, limene likulu lace liri ku Pretoria. Mtsogoleri wace woyamba anali Basil Schonland, munthu amene anamveka pa maphunziro a mphezi. Mu 1958 bungwelo linatsegula nthambi ya za madzi, motsogozedwa ndi Gerrit Stander, ndipo anthu a Stander anacita cinthu cimene dziko lonse lapansi linali lisanacione: mu 1968 anathandiza mzinda wa Windhoek kuyeretsa madzi a m'zimbudzi kufikira akhale akumwa, ndipo mu 1970 anamanga makina oyesera nchito yomweyo ku Daspoort, m'mphepete mwa Apies, okhoza kuyeretsa magaloni 1,000,000 pa tsiku. Njira yao sinali ya siliva iai. Inali ya njereza, mcenga, makala ndi klorini, ndipo pa madzi a mzinda wonse njira imeneyo iposa ya siliva, pakuti siliva ndi wokwera mtengo ndipo acita nchito yace mocedwa.

Koma nzeru zonsezo zinatumikira midzi ya mipope, ndipo m'masiku a tsankho mipope inali kutsata khungu. Temba, mudzi waukuru wa ku Hammanskraal, unaikidwa m'dziko lopeka la Bophuthatswana, ngakhale anthu ace anali kukwera basi m'bandakuca kukagwira nchito ku Pretoria. Unalowa m'boma limodzi ndi mzindawo m'caka ca 2000, pamene boma la mzinda linalandira dzina lakuti Tshwane. Caka comweco kolera anabuka ku KwaZulu-Natal, nagwira anthu oposa 100,000 pofika mu 2001, ambiri a iwo otunga ku mitsinje. Pamenepo kunaoneka poyera kuti mpope sudzafika msanga pa khomo liri lonse, ndi kuti mai wa kumudzi afuna cinthu cimene angaike m'nyumba mwace lero lomwe. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Cinthuco cinapezeka kuti ndi mphika. Nzeru yace inayamba ku Guatemala mu 1981, kwa Fernando Mazariegos, ndipo inafalikira m'maiko ambiri itatha mphepo yamkuntho ya Mitch mu 1998. Woumba asanganiza dongo ndi utuci, naumba mphika wonga wodzalamo maluwa, nauocha m'ng'anjo. Utuci upsa, nusiya timabowo tosawerengeka, tokwanira kupitiriza madzi koma topanikiza tizirombo. Pamenepo mphikawo upatsidwa siliva, nukhazikidwa pakamwa pa cidebe cokhala ndi kampope pansi pace.

Ku Tshwane University of Technology, sukulu yaikuru ya ku Pretoria imene inapangidwa mu 2004 pophatikiza sukulu zitatu za luso, gulu la Profesa Maggy Momba linakonza mphika wa mtundu wacewace, mothandizidwa ndi bungwe la Water Research Commission. M'malo mopaka siliva pamwamba mphika utapsa, iwo anasanganiza mcere wa siliva m'dongo momwemo usanalowe m'ng'anjo, kuti siliva akhale m'thupi lonse la mphika. Anauyesa pamodzi ndi zosefera zina za m'nyumba, za mcenga ndi za mitundu ina, pa madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime, ndi pa madzi othiramo dala tizirombo ta kolera ndi ta kamwazi. Ndipo m'zolemba zao za pakati pa 2011 ndi 2013 mphika wa siliva ndiwo unaposa zinzace pa kupha tizirombo. Mphikawo ulibe waya, ulibe batire, sufuna mafuta. Magetsi ace ali m'maayoni momwemo, amene asungunuka pang'onopang'ono m'dontho liri lonse lopyola dongo, natsagana nalo kulowa m'cidebe, kumene apitiriza kulonda madziwo usiku wonse. Ici ndi cinthu cacikuru, pakuti madzi ambiri a kumudzi aipira m'nyumba, pamene mwana abviika cikho ndi dzanja losasamba m'mtsuko wa madzi abwino.

Nchito inzace inacitika ca kumpoto, ku Limpopo, kumene sukulu zazikuru za Venda ndi Virginia zinagwirizana ndi amai oumba mbiya a ku Ha-Mashamba, nacha nchito yao PureMadi. Mau akuti madi pa Civenda ndiwo madzi, ndipo Mnyanja sasowa womasulira. Amai amenewo anali kudziwa dongo ndi moto kuyambira ubwana wao. Cimene anaphunzira catsopano ndico muyeso wa utuci, kutentha kwa ng'anjo, ndi kupaka siliva ndi burashi. Pambuyo pace ng'anjo yaciwiri inamangidwa ku dera la Hammanskraal.

Zofooka za mphika ziyenera kunenedwa mosabisa. Udontha mocedwa, malita owerengeka pa ora limodzi, ndipo madzi akakhala amatope timabowo titsekeka, nufuna kukwecha. Ukacita mng'alu, ngakhale wosaoneka, usanduka cinyengo, popeza mwini nyumba akhulupirira madzi amene sanasefedwe. Tizirombo tating'onong'ono koposa, ta mtundu wa mavairasi, tikhoza kupyola. Siliva yemwe acepa m'kupita kwa miyezi, pakuti lamulo la zombo za Davy ligwira pano ponse: citsulo cipha podzipereka, ndipo cimene cidzipereka cidzatha. Ndiponso siliva ali ndi malire ace m'thupi la munthu. Bungwe la za umoyo la dziko lonse linanena kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a miligramu pa lita limodzi la madzi ndilo munthu angapirire. Wakumwa wambiri zaka zambiri khungu lace lisanduka lotuwa ngati phulusa, ndipo silibwerera. Cifukwa cace ogulitsa madzi a siliva m'mabotolo, onena kuti aciza nthenda iri yonse, ayenera kukanidwa. Siliva ndi mlonda wa mtsuko, si mankhwala a m'mimba.

Ndipo ciripo cimene mphika sukhoza konse, ndico kucotsa mankhwala osungunuka m'madzi. Apa mbiri ibwerera ku Apies. Kumtunda kwa Hammanskraal kuli malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi ochedwa Rooiwal, amene alandira gawo lalikuru la zonyansa za Pretoria. Mzinda unakula, makina anakalamba osakonzedwa, ndipo kwa zaka zambiri madzi osayeretsedwa bwino anali kuthiridwa mu Apies, natsikira ku dziwe la Leeukraal, kumene makina a ku Temba anali kutunga madzi akumwa. Mu 2019 bungwe loona za ufulu wa anthu ku South Africa linalengeza kuti madzi a m'mipope ya ku Hammanskraal sayenera kumwedwa, litalandira zoyesa za ophunzira a CSIR, bungwe lomwe lija limene zaka 50 m'mbuyomo linaphunzitsa dziko lapansi kuyeretsa madzi otere. Anthu anayamba kudikira magalimoto a mathanki, ndi kusunga madzi m'zidebe ndi m'migolo.

Omvera a maiko atatu adziwa nkhope ya kolera. Ku Zimbabwe anapha anthu oposa 4,000 m'zaka za 2008 ndi 2009. Ku Malawi mliri umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa March 2022 unapha oposa 1,700. Ku Lusaka, kumayambiriro a 2024, bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Ku Hammanskraal anafika m'mwezi wa May 2023. Cipatala ca Jubilee cinadzala, ndipo mwezi usanathe anthu oposa 20 anali atamwalira, mtunda wosakwana ora limodzi pa galimoto kucokera ku nyumba za boma za Union Buildings. Oyesa madzi sanapeze kacirombo ka kolera m'mipope, ndipo gwero la mliriwo silinatsimikizike. Koma panalibe wokana kuti mudzi umene ukhala zaka ukumwa za m'zidebe ndiwo munda wolimidwa kale wa nthenda yotere.

M'cidebe cotero ndimo mkuwa ndi siliva ali ndi malo ao enieni. Ophunzira a ku India anaonetsa mu 2012 kuti madzi othiramo tizirombo ta kolera, atagona maora 16 mu mtsuko wa mkuwa, sanamerenso kanthu poyesedwa, ndipo mkuwa wolowa m'madziwo unali wocepa, wosafika pa muyeso woopsa. Koma mankhwala ocokera ku zonyansa za Rooiwal sakanacoka ndi mtsuko kapena ndi mphika uli wonse. Cimene cinafunika kumeneko cinali mtsinje wina; ndipo maliro aja atacitika, boma linalamula bungwe la Magalies Water kuti limange makina atsopano ku Klipdrift, otunga madzi osacokera mu Apies. Midzi yoyamba ya ku Hammanskraal inauzidwa mu January 2025 kuti madzi a m'mipope yace ayenera kumwedwa, patapita zaka zoposa zisanu cilengezere bungwe la ufulu lija. Midzi yotsala inapitiriza mwezi umenewo kutunga ku magalimoto, kudikira zigawo zina za makinawo.